Kupanga pulogalamu ya pafoni yokuuzani choti muphike ndi zomwe muli nazo

Buku la maphikidwe limayamba ndi dzina la chakudya, kenako limakutumani kokagula zinthu. Munthu amene waima m'khitchini madzulo njala itamugwira sayambira pamenepo. Iye ali ndi mazira atatu, matimati awiri oyamba kufewa, theka la anyezi ndi mpunga wotsala dzulo, ndipo akufuna kudziwa chimene chingatuluke pa zimenezi. Pulogalamu yomwe tikupanga pano ndi yoyankha munthu ameneyu. Lipoti la mu 2024 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linapeza kuti m'chaka cha 2022 padziko lonse panatayidwa chakudya choposa matani 1 biliyoni, ndipo pafupifupi 60 peresenti ya chakudyacho inatayidwa m'makomo. Matimati ofewa aja ali m'gulu lomwelo.

Ndikuuzeni msanga komwe kuli ntchito yeniyeni kuti musataye miyezi pachabe. Ambiri amathamangira mitundu ya mabatani, kamera yozindikira ndiwo zamasamba, kapena AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu). Koma chimene chimapangitsa pulogalamu yotere kukhala yodalirika ndi mndandanda wa zosakaniza, ndi momwe mawu amene munthu walemba amalumikizidwira ku chinthu chenicheni. Mukakonza bwino pamenepa, zina zonse zimayenda mosavuta.

Yambani ndi pepala

Lembani chiganizo chimodzi: munthu asankha zomwe ali nazo, pulogalamu imuonetsa zomwe angaphike tsopano, ndi zomwe angaphike atapeza chinthu chimodzi kapena ziwiri zokha. Basi. Pansi pake lembani zomwe simupanga poyamba: kulembetsa akaunti, kutumizirana zithunzi, ndemanga, kuwerengera ma calorie. Pepalali mudzalifuna pa sabata yachitatu, maganizo atsopano akayamba kukukokani.

Gamulaninso pano kuti pulogalamuyi izigwira ntchito popanda intaneti. Munthu manja ali ndi ufa sangadikire kuti netiweki ibwere, ndipo maphikidwe mazana angapo olembedwa m'mawu satenga malo ambiri m'foni.

Maphikidwe muwatenga kuti?

Njira zilipo zitatu. Mukhoza kugwiritsa ntchito API ya ena, kutanthauza khomo la pa intaneti lomwe pulogalamu yanu imafunsirapo deta kwa eni ake: Spoonacular ili ndi njira yofufuzira maphikidwe potengera zosakaniza, ndipo Edamam ndi TheMealDB ziliponso. Zimenezi n'zabwino poyeserera, chifukwa tsiku lomwelo mumaona zotsatira. Vuto lake ndi lakuti zimafuna intaneti, zili ndi malire a kuchuluka kwa mafunso omwe mungatumize, ndipo malamulo ake nthawi zambiri amachepetsa zomwe mungasunge m'foni. Werengani malamulowo musanalembe khodi, malangizo amene pulogalamu imayendera. Njira yachiwiri ndi maphikidwe a laisensi yotseguka, monga a mu Wikibooks Cookbook omwe ali pansi pa CC BY-SA. Mumaloledwa kuwagwiritsa ntchito malinga mutchule komwe achokera ndi kugawa zomwe mwasintha pa laisensi yomweyo. Yachitatu ndi kulemba anu.

Ine ndimalimbikitsa yachitatuyi, ngakhale ndi yotopetsa. Maphikidwe 150 kapena 200 ophikika ndi zinthu wamba, omwe munthu anawayesadi pamoto, amathandiza kuposa 50,000 omwe theka lake likufuna zinthu zimene palibe amasunga m'nyumba. Musakopere pamasamba a anthu ena. Ku United States, mwachitsanzo, mndandanda wa zosakaniza pawokha sutetezedwa ndi lamulo la umwini wa zolemba, koma mafotokozedwe ake ndi zithunzi zimatetezedwa, ndipo mayiko ena ali ndi malamulo awo. Kupatula za malamulo, zolemba zokopedwa zimabwera zosokonekera moti kuzikonza kumatenga nthawi yofanana ndi kulemba zatsopano.

Pokonza kalembedwe ka kaphikidwe kalikonse, onani mtundu wa Recipe wa pa schema.org. Uli kale ndi malo a zosakaniza, malangizo, kuchuluka kwa anthu odya ndi nthawi yophika. Simukakamizidwa kuutsatira ndendende, koma umakukumbutsani zomwe mukanaiwala.

Mndandanda wa zosakaniza: apa khalanipo nthawi

Tengani mzere uwu: "matimati 2 aakulu, odulidwa tizidutswa". Kwa munthu ndi mzere umodzi. Kwa kompyuta muli zinthu zinayi: kuchuluka, kukula kapena muyeso, dzina la chinthucho, ndi kakonzedwe kake. Pofananitsa ndi zomwe munthu ali nazo, chofunika ndi dzina lokha. Choncho chosakaniza chilichonse chikhale ndi nambala yakeyake komanso dzina limodzi lovomerezeka, ndipo maphikidwe onse aziloza ku nambalayo. Mzere wonse uja usungeni padera kuti muzionetsa wophika, koma musafananitsire pa iwo.

Kenako pangani tebulo la mayina ena. Wina alemba "matimati", wina "tomato", wina "phwetekere", wina "dzira" pomwe inu munalemba "mazira". Onsewa aloze ku nambala imodzi. Tebuloli silidzatha kukula, ndipo ndi mmene liyenera kukhalira.

Msampha waukulu ndi kufananitsa poona ngati mawu ena ali mkati mwa ena. Zimaoneka zanzeru ndipo zimalembedwa ndi mzere umodzi wa khodi, koma taonani zotsatira zake. Munthu ali ndi mkaka wa kokonati. Pulogalamu yaona mawu akuti "mkaka" n'kumuuza kuti ali ndi mkaka wa ng'ombe. Ali ndi ufa wa chimanga, pulogalamu ikumupatsa kaphikidwe ka buledi wofuna ufa wa tirigu. Ali ndi mbatata, ikumuonetsa za mbatata ya kachewere. Tsabola wobiriwira wosawawa uja ikumuika pamodzi ndi tsabola wowawa. Munthu akanamizidwa kawiri motere amachotsa pulogalamuyo, ndipo sadzakuuzani chifukwa chake. Fananitsani dzina lathunthu ndi dzina lathunthu, kudzera m'tebulo la mayina ena, osati zidutswa za mawu.

Pali ubale wina woti muulembe: chinthu ndi kholo lake. Cheddar ndi mozzarella kholo lake ndi tchizi. Chidali ndi ntchafu kholo lake ndi nkhuku. Ubalewu umayenda mbali imodzi. Kaphikidwe kakafuna "tchizi", amene ali ndi cheddar zake zayenda. Koma kakafuna mozzarella, amene wangolemba "tchizi" sitingamutsimikizire. Ndi bwino kumuonetsa kaphikidweko ndi chenjezo lakuti kakufuna mtundu wakutiwakuti. Musazamitse mibadwo ya makolo. Masitepe awiri ndi okwanira pafupifupi pa chilichonse, ndipo mukapitirira mumayamba kutsutsana nokha ngati tomato ali chipatso kapena ndiwo zamasamba, funso losathandiza wophika aliyense.

Zinthu zina zimapezeka pafupifupi m'khitchini iliyonse: madzi, mchere, mafuta ophikira, shuga. Ziikeni chizindikiro, ndipo munthu akatsegula pulogalamu koyamba azipeze zitasankhidwa kale, iye n'kuchotsapo chomwe alibe. Mukapanda kutero, aliyense adzauzidwa kuti sangaphike kanthu chifukwa anaiwala kutchula mchere.

Pa mzere uliwonse wa kaphikidwe lembaninso udindo wa chinthucho: kodi ndi mwini mbale, ndi chofunika, kapena ndi chongokometsera? Mu supu ya nsomba, nsomba ndi mwini mbale, anyezi ndi chofunika, masamba owaza pamwamba ndi chongokometsera. Kaphikidwe kamene kakusowa mwini mbale sikayenera kuoneka ngakhale "kakusowa chinthu chimodzi chokha". Ntchito yoika zizindikirozi imafuna munthu wodziwa kuphika, ndipo ngati inu simudziwa, pezani wodziwa akhale nanu.

Za miyeso ndinene mwachidule. Kapu ya ku America ndi pafupifupi mamililita 237, pomwe kapu ya metric ndi 250. Supuni yaikulu m'mayiko ambiri ndi mamililita 15, koma ku Australia ndi 20. Kapu ya ufa wa tirigu imalemera pafupifupi magalamu 120 mpaka 125, pomwe ya shuga ndi pafupifupi 200, ndiye simungasinthe makapu kukhala magalamu ndi nambala imodzi pa zinthu zonse. Sungani magalamu ndi mamililita m'kati, ndipo makapu ndi masupuni akhale ongoonetsa.

Ikani zonse mu SQLite

SQLite, chida chosungira deta m'matebulo chimene D. Richard Hipp anayamba mu 2000, chimabwera kale m'mafoni a Android ndi a iPhone, ndipo deta yonse imakhala m'fayilo imodzi. Sipafunika seva, kompyuta ya pa intaneti yosunga ndi kutumiza deta. Matebulo asanu ndi okwanira: zosakaniza, mayina_ena, maphikidwe, mizere yolumikiza kaphikidwe ndi chosakaniza, ndi zanga momwe muli zomwe munthu ali nazo. Funso lalikulu la pulogalamu yonse likhoza kulembedwa motere m'chinenero cha SQL, chofunsira matebulowa:

SELECT m.dzina,
COUNT(z.chosakaniza) AS zilipo,
COUNT(*) - COUNT(z.chosakaniza) AS zosowa
FROM maphikidwe m
JOIN mizere r ON r.kaphikidwe = m.id AND r.chofunika = 1
LEFT JOIN zanga z ON z.chosakaniza = r.chosakaniza
GROUP BY m.id
HAVING zosowa <= 2
ORDER BY zosowa ASC, zilipo DESC;

Chinsinsi chili pa LEFT JOIN. Imasunga mzere uliwonse wa kaphikidwe ngakhale munthu alibe chinthucho, kungoti mbali ya "zanga" imakhala yopanda kanthu, ndipo COUNT ya mbaliyo siwerenga mizere yopanda kanthu. Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizo ndiye kuchuluka kwa zosowa. Onetsetsani kuti chinthu chimodzi sichingalowe kawiri m'tebulo la zanga, apo ayi ziwerengero zidzasokonekera. Za makolo zija muzithane nazo musanafunse: munthu akasankha cheddar, khodi yanu iwonjezere tchizi pa zomwe ali nazo.

Yesani funsoli pakompyuta, ndi maphikidwe 20 okha, musanajambule tsamba lililonse la pulogalamu. DB Browser for SQLite ndi yaulere ndipo imakwanira. Lembani makhitchini ongoyerekeza khumi, lina la zinthu zitatu zokha, lina la zinthu 40, lina lopanda nyama, muone ngati mayankho ake angakhutiritse munthu wanjala.

Chinthu china choti muchite lero, osati mawa: patulani fayilo ya maphikidwe ndi fayilo ya zinthu za munthu. Mukadzatulutsa maphikidwe atsopano mudzangosintha fayilo yoyambayo, zake zija osazikhudza. Ndipo nambala ya chosakaniza ikaperekedwa isadzaperekedwenso ku chinthu china, ngakhale choyambacho mutachichotsa. Mukaibwereza, munthu adzadzuka n'kupeza kuti adyo wake wasanduka karoti.

Kusanja zotsatira

Funso lija likupatsani maphikidwe otheka, koma amene ali pamwamba ndi amene munthu adzaone. Tiyerekeze kuti ali ndi mazira, matimati, anyezi ndi mpunga. Mazira owiritsa sakusowa kanthu, koma akugwiritsa ntchito chinthu chimodzi. Mazira okazinga ndi matimati ndi anyezi sakusowanso kanthu, ndipo akugwiritsa ntchito zitatu. Mpunga wokazinga ndi mazira, anyezi ndi karoti ukugwiritsa ntchito zitatu koma ukusowa karoti. Mwachidziwikire wachiwiri uja ayenera kukhala pamwamba. Nanga pakati pa mazira owiritsa ndi mpunga wokazinga? Ine ndinganene kuti musawapikisanitse. Gawani tsamba pawiri: "Mungaphike pompano" ndi "Mukusowa chimodzi kapena ziwiri". Munthu yekha akudziwa ngati ali wokonzeka kutuluka panja.

Mukafufuza za nkhaniyi mudzakumana ndi muyeso wa Jaccard, womwe umagawa kuchuluka kwa zinthu zopezeka mbali zonse ziwiri ndi kuchuluka kwa zinthu zonse pamodzi. Pano sukuyenera. Munthu wa zinthu 40 akafananitsidwa ndi kaphikidwe ka zinthu zinayi zomwe ali nazo zonse, muyesowo umapereka 4 pa 40, nambala yotsika, chikhalirecho kaphikidweko n'kotheka kotheratu. Umamulanga chifukwa chokhala ndi zinthu zambiri.

Chimene chimathandizadi ndi kupereka kulemera kosiyana ku zosakaniza. Ganizo lake linachokera pa kafufuzidwe ka zolemba: mu 1972 Karen Spärck Jones anaonetsa kuti mawu opezeka m'zolemba zochepa amanena zambiri kuposa mawu opezeka paliponse. Zosakaniza zilinso chimodzimodzi. Tinene kuti muli ndi maphikidwe 200. Anyezi akupezeka mu 100, mabilingano mu 5 okha. Gawani 200 ndi nambala iliyonse n'kutenga natural log yake (batani la ln pa kalikuleta): anyezi apeza pafupifupi 0.7, mabilingano pafupifupi 3.7. Powerengera "zilipo", phatikizani manambala amenewa m'malo mowerenga chimodzichimodzi. Zotsatira zake n'zomveka ngakhale kwa wosadziwa masamu: amene wanena kuti ali ndi mabilingano akufuna kudziwa choti achite ndi mabilinganowo, osati maphikidwe 100 a anyezi.

Onjezani kabatani kakang'ono pa chinthu chilichonse kakuti "chiyambe kutha ichi". Munthu akakadina pa matimati ofewa aja, maphikidwe a matimati akwere pamwamba. Zimenezi n'zosavuta kuposa kumufunsa tsiku limene chinthu chilichonse chidzaonongeke, ntchito yomwe anthu amaichita masiku awiri n'kuisiya.

Zolowa m'malo mwa zinzake zisamaleni. Madzi a mandimu ndi viniga zimasinthana bwino mu saladi. Mafuta amalowa m'malo mwa batala pokazinga, koma mu keke kapena bisiketi amasintha kaonekedwe ndi kafewedwe. Soda ndi baking powder si chinthu chimodzi: soda amafuna chinthu chowawasa kuti afufumitse, pomwe baking powder ali nacho kale m'kati. Choncho musalembe lamulo limodzi la pulogalamu yonse lakuti ichi chimalowa m'malo mwa icho. Lembani pa mzere wa kaphikidwe komweko, pomwe mukudziwa kuti zimathekadi, ndipo muuzeni wophika poyera kuti mwasinthitsa.

Zakudya zowenga anthu

Pa china chilichonse m'pulogalamuyi mukalakwitsa, munthu amadya chakudya chosakoma. Pano mukalakwitsa, munthu akhoza kugonekedwa m'chipatala. Chifukwa chake zakudya zowenga sizilowa m'masamu a kusanja. Zimasefedwa poyambirira: kaphikidwe kali ndi chomwe chimamuwenga munthuyo, sikaoneka, ngakhale zina zonse ali nazo.

Simukuyenera kupeka mndandanda wanu. Malamulo a European Union amatchula magulu 14 oyenera kulembedwa pa zakudya, ndipo a ku United States amatchula 9, chitowe chitawonjezedwa kuyambira pa 1 January 2023. M'mindandanda yonse iwiri muli mkaka, mazira, nsomba, mtedza, soya ndi tirigu. Ikani zizindikirozi pa chosakaniza, osati pa kaphikidwe, kuti kaphikidwe kazitengera zokha kuchokera ku zomwe zili m'kati mwake. Pamanja mudzaiwala, kompyuta siiwala.

Ngozi imabisala m'zinthu zosakanizidwa kale. Soy sauce wambiri amapangidwa ndi tirigu. Worcestershire sauce nthawi zambiri amakhala ndi tinsomba ta anchovy. Pesto amakhala ndi tchizi ndi mtedza wa pine. Mayonesi ali ndi mazira. Kwa osadya nyama, gelatin amachokera ku nyama ngakhale saoneka choncho. Sefa yanu iyang'anenso zongokometsera ndi zolowa m'malo, chifukwa n'zomvetsa chisoni kuteteza munthu pa kaphikidwe kenako n'kumulangiza kuti asinthitse mkaka wa ng'ombe ndi wa soya pomwe soya ndi amene amamuwenga. Chosakaniza chomwe simunachiike zizindikiro chitengedwe ngati chokayikitsa, ndipo pulogalamu izikumbutsa munthu kuwerenga zolembedwa pa paketi.

Sankhani chida chopangira

Apa anthu amakangana kwambiri, koma pa pulogalamu ngati iyi kusiyana kwake n'kochepa. Flutter ya Google, yomwe mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu December 2018, imalembedwa m'chinenero cha khodi chotchedwa Dart ndipo khodi imodzi imagwira pa Android ndi iPhone. SQLite mumaifikira kudzera mu sqflite kapena drift. React Native, imene Facebook inatulutsa mu 2015, ndi yabwino ngati mukudziwa kale JavaScript. Ngati mukufuna Android yokha, Kotlin ndi Room zikukwanirani; ngati iPhone yokha, Swift. Tengani chomwe mukuchidziwa kale. Chofunika kwambiri n'chakuti khodi yofananitsa ndi kusanja ikhale payokha, isasakanikirane ndi khodi ya masamba, kuti makhitchini ongoyerekeza khumi aja muwasandutse mayeso odziyendera okha nthawi iliyonse mukasintha kanthu.

Masamba atatu

Tsamba loyamba ndi la zomwe munthu ali nazo, ndipo ndi pomwe ambiri amatopera. Palibe amene amasangalala kulemba zinthu 25 pa kiyibodi ya foni. Muonetseni zinthu 30 zofala kwambiri ngati timabatani tongodina, ndipo pamwamba pakhale malo olembapo omwe amayamba kupereka mayina akangolemba zilembo ziwiri. Asankhe kuchokera pa mayina operekedwawo. Potero chilichonse cholowa m'tebulo la zanga chimakhala ndi nambala yake kale. Za kulakwitsa zilembo, gwiritsani ntchito muyeso wa Levenshtein, wa mu 1965, womwe umawerenga zilembo zofunika kusintha, kuchotsa kapena kuwonjezera kuti mawu awiri afanane. Wolemba "anyzi" wasiyana ndi "anyezi" ndi chilembo chimodzi. Koma pa mawu aafupi khwimitsani malire, chifukwa "soda" ndi "soya" asiyananso ndi chilembo chimodzi chokha. Muyesowu uzingopereka maganizo, wosankha akhale munthu.

Musamufunse kuchuluka kwa chinthu chilichonse. Akaona kuti kaphikidwe kakufuna mazira anayi iye ali ndi atatu, aganiza yekha.

Tsamba lachiwiri ndi la zotsatira, lokhala ndi magawo awiri aja. Pansi pa dzina lililonse lembani nthawi yophika ndi dzina la chosowacho, osati nambala chabe. "Mukusowa karoti" ndi uthenga umene munthu angachitepo kanthu. "Zafanana 80 peresenti" sizimuuza chilichonse. Tsambali lisakhale lopanda kanthu. Ngati palibe chotheka, werengerani chinthu chimodzi chimene chingatsegule maphikidwe ambiri n'kumuuza kuti atapeza mazira angaphike zinthu zisanu ndi ziwiri. Kuwerengera kwake n'kosavuta: pa maphikidwe onse osowa chinthu chimodzi, onani chosowa chomwe chikubwerezedwa kwambiri.

Tsamba lachitatu ndi lophikira. Kumbukirani kuti foni ili patali pang'ono, yatsamira pa chinachake, ndipo manja ndi onyowa. Zilembo zikhale zazikulu, sitepe iliyonse payokha, ndipo muyeso ubwerezedwe m'sitepe momwemo kuti asabwerere pamwamba kukaona kuti mchere unali wochuluka bwanji. Malangizo a Google amati malo odinapo asachepere 48dp, a Apple amati 44pt (dp ndi pt ndi miyeso ya kukula kwa zinthu pa sikirini). M'khitchini pitirirani pamenepo. Letsani sikirini kuzima pa tsamba ili lokha: pa Android ndi FLAG_KEEP_SCREEN_ON, pa iPhone ndi isIdleTimerDisabled. Pa maphikidwe a nyama lembani kutentha koyenera. Dipatimenti ya zaulimi ya ku United States imati nkhuku ifike madigiri 74 a Celsius m'kati mwake. Akamaliza kuphika, mufunseni funso limodzi: mwa izi, zatha ndi ziti? Ndi njira yokhayo imene mndandanda wake ungakhalire woona pakatha sabata.

Kamera ndi AI zidikire

Kuwerenga barcode n'kotheka mosavuta ndi ML Kit ya Google, ndipo Open Food Facts, yomwe inayamba mu 2012, imapereka kwaulere zambiri za katundu wa m'mapaketi. Koma anyezi ndi mazira ogulidwa opanda paketi alibe barcode, ndipo dzina la pa paketi muyenerabe kulilumikiza ku nambala ya m'mndandanda wanu. Kujambula m'firiji kuti foni izindikire zonse kumakopa poonetsa anthu, koma kamera siona zomwe zili m'poto wovindikira kapena kuseri kwa botolo.

Za AI yopeka maphikidwe pomwepo, samalani kwambiri. Mu August 2023 pulogalamu yotereyi ya masitolo a Pak'nSave ku New Zealand inamveka padziko lonse, anthu atailembera zinthu zotsukira m'nyumba ngati zosakaniza, iyo n'kupereka "chakumwa" chomwe chikanatulutsa mpweya wa poizoni wa chlorine. Mndandanda wotsekeka ngati wanu sungalole zimenezo, chifukwa bulichi mulibemo. Pomwe AI ingakuthandizeni ndi kuseri: kugawa mizere ya zosakaniza m'zigawo zinayi zija, kapena kupereka mayina ena oti muwaunike, inu n'kuvomereza limodzilimodzi. Ndipo mukadzalumikiza pulogalamu ku API yolipira, kiyi yake, mawu achinsinsi olowera ku API-yo, musaiike m'khodi ya pafoni, chifukwa aliyense wodziwa angaitulutse. Idutse pa seva yanu.

Kuyesa ndi kutulutsa

Perekani foni kwa anthu asanu m'makhitchini awo, nthawi yophika itakwana, inu mukhale chete. Musawafotokozere kanthu. Onani pomwe chala chaima, mawu omwe alemba osapezeka, ndi kaphikidwe komwe akudumpha akupukusa mutu. Mukawafunsa ngati yawasangalatsa adzati inde pokulemekezani, ndiye funsani china: mwa izi, mungaphike chiti usiku uno? Akati palibe, funsani chifukwa chake, ndipo yankho lake nthawi zambiri likulozerani ku mzere wina wa m'matebulo anu.

Potulutsa, Google Play imafuna kuti maakaunti atsopano a munthu payekha ayambe ayesa pulogalamu ndi anthu osachepera 12 kwa masiku 14 otsatizana isanapite kwa aliyense, choncho sonkhanitsani anthuwo nthawi ikadalipo. Kwa Apple kuyesa kumachitikira mu TestFlight. Onse awiri adzakufunsani deta yomwe mumatolera. Zimene zimawenga munthu ndi nkhani ya thanzi lake. Zikamakhala m'foni mwake mokha, mayankho anu pa mafomuwo amakhala aafupi komanso oona.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ndingapemphe chilolezo chotolera: mawu amene anthu analemba koma pulogalamu sinawazindikire, opanda dzina la munthu kapena chizindikiro cha foni yake. Sabata iliyonse tsegulani mndandandawo, muyambe ndi mawu obwerezedwa kwambiri. Ena adzakhala mayina atsopano a zinthu zomwe muli nazo kale, ndipo amangofunika mzere umodzi m'tebulo la mayina ena. Ena adzakhala zinthu zomwe mulibiretu. Zimenezo zipatseni nambala, kholo ndi zizindikiro za zowenga, kenako lembani maphikidwe osachepera atatu ozigwiritsa ntchito musanazionetse m'pulogalamu.